Mafuta a nkhope ndi seramu zikamakutulutsani ziphuphu: kupeza chomwe chalakwa

Nkhani yake imayenda chimodzimodzi kwa anthu ambiri. Munthu ali ndi khungu losachedwa kuyabwa, lomwenso limatuluka ziphuphu. Wagula timabotolo tiwiri ta seramu, zodzola zamadzimadzi za kunkhope, kena ka vitamini C, kena ka niacinamide, ndi mafuta a nkhope omwe wogulitsa wamutsimikizira kuti ndi achilengedwe. Sabata yoyamba nkhope ikuwala, anzake akufunsa chomwe akudzola. Pofika sabata yachitatu pamphumi padzaza tiziphuphu, masaya akuwotcha akangosamba, ndipo mawanga akuda omwe ankafuna kuchotsa aja achita kuchuluka. Apa ambiri amathamangira kukagula kabotolo kachinayi kuti kakonze zomwe atatu aja aononga, ndiye vuto limangokulirakulira.

Kudzola zinthu zitatu zatsopano tsiku limodzi kuli ngati kuthira mchere, tsabola ndi soda m'ndiwo nthawi imodzi kenaka n'kumafunsa kuti chaononga ndiwozo n'chiti. Komabe khungu limapereka zizindikiro. Onani zinthu zitatu: vutolo layamba patapita nthawi yaitali bwanji mutadzola, latuluka pati, ndipo likuoneka motani. Mayankho a mafunso atatuwa ndi omwe amasiyanitsa mavuto omwe pagalasi amaoneka ofanana koma kathetsedwe kake n'kosiyana.

Yambani mwaimitsa

Musanafufuze kalikonse, ikani pambali mafuta ndi maseramu onse kwa masabata awiri. Tsalani ndi sopo wofatsa wosambira kunkhope kawiri pa tsiku, loshoni yopanda fungo, ndi mafuta oteteza ku dzuwa masana. Osakhula nkhope ndi chinkhupule, shuga, mchere kapena burashi. Osapaka mandimu, osapaka mankhwala otsukira mano pachiphuphu. Khungu lomwe langopsa ndi zodzola limayamba kuzizira pasanathe masabata awiriwo.

Pali zinthu ziwiri zomwe simuyenera kusiya nokha: mankhwala omwe anakulemberani dokotala, ndi kirimu woyeretsa khungu yemwe mwamudzola kwa miyezi. Za kirimuyo tikamba kutsogoloku, chifukwa kumusiya mwadzidzidzi kuli ndi mavuto ake.

Zikawotcha pomwepo

Mukadzola seramu n'kumva kuwotcha kapena kulasalasa pasanathe mphindi zochepa, khungu lapsa ndi mphamvu ya mankhwalawo. Pamwamba pa khungu pali kachigamba kopyapyala ka maselo akufa omatidwa ndi mafuta a thupi, kamene kamasunga chinyezi mkati n'kumatsekereza zakunja. Kakang'ambika chifukwa cha sopo waukali, kukhula kapena maasidi ochuluka, ngakhale madzi enieni amawawa. Pa khungu loyera kupsaku kumaoneka kofiira. Pa khungu lakuda nthawi zambiri sikuoneka, kapena kumaoneka ngati kuderako ndi kutuwa, ndiye munthu amapitiriza kudzola poganiza kuti kuwawako ndi umboni wakuti mankhwala akugwira. Si umboni wa chilichonse chabwino.

Wolakwa woyamba kumuganizira ndi vitamini C wa mtundu wa L-ascorbic acid. Kuti alowe m'khungu amapangidwa wowawasa kwambiri, pH yake (muyezo wa kuwawasa, nambala ikachepa kuwawasa kumachuluka) pansi pa 3.5, ndipo amagulitsidwa pa 10 mpaka 20 peresenti. Khungu lofooka silipirira zimenezo. Komanso sachedwa kuonongeka ndi kuwala, mpweya ndi kutentha. Akachoka pa mtundu wa madzi kapena wachikasu pang'ono n'kukhala wa lalanje kapena wofiirira, watha ntchito, mutayeni. M'nyumba ya malata mu Okutobala kabotolo kosiyidwa pawindo sikakhalitsa.

Niacinamide ndi wofatsa ndipo amathandizadi pa ziphuphu ndi mawanga, koma kafukufuku wambiri wosonyeza ubwino wake anachitika pa 2 mpaka 5 peresenti. Mabotolo ambiri m'mashopu ndi a 10 peresenti, ndipo kwa ena amenewo ndi omwe amawotcha. Vuto lina ndi kubwereza chinthu chimodzi osadziwa: sopo wa nkhope ali ndi salicylic acid, tona (madzi opukutira nkhope mukatha kusamba) ili ndi glycolic acid, seramu ya usiku ili ndi retinol. Chilichonse pachokha mwina khungu likanachilandira, koma zonse pamodzi ayi. Werengani kuseri kwa mabotolo onse, osati kutsogolo kokha.

Kuthetsa kwake n'kupumitsa khungu mpaka lisiye kuwawa mukadzola loshoni wamba, kenaka kubwerera ndi chinthu chimodzi chofookerapo, masiku awiri kapena atatu pa sabata, pakhungu louma bwino. Khungu lonyowa limalowetsa mankhwala mofulumira ndipo limawotcha kwambiri.

Zikayabwa mawa kapena mkuja

Izi ndi zina. Ngati palibe chomwe munamva podzola, koma patapita tsiku limodzi mpaka atatu nkhope yayamba kuyabwa, zikope zatupa, kapena patuluka timatuza tamadzi, thupi lanu ladana ndi china chake m'botolomo. Chodabwitsa ambiri n'chakuti izi zikhoza kuyamba ndi mafuta omwe mwawadzola kwa miyezi popanda vuto. Kudana kotereku kukangoyamba sikutha, ndipo kuchepetsa mlingo sikuthandiza. Chinthucho chisiyeni basi.

Zoyambitsa kawirikawiri ndi zonunkhiritsa, mankhwala osungitsa zodzola kuti zisaonongeke, ndi mafuta onunkhira ochokera ku zomera monga lavender, peppermint, mandimu ndi tea tree. Mawu akuti zachilengedwe asakupusitseni pano, chifukwa chitedze nachonso n'chachilengedwe. Tea tree amathandizako pa ziphuphu zazing'ono akasungunulidwa kufika pa 5 peresenti, koma wosasungunula amawotcha, ndipo wokhalitsa yemwe walowa mpweya ndi amene amayambitsa kudana kwambiri. Mafuta a zipatso za gulu la mandimu, makamaka bergamot, ali ndi vuto lowonjezera: akakumana ndi dzuwa amapsereza khungu n'kusiya bala lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lizimirire.

Tiziphuphu tosapweteka patapita masabata

Apa ndi pomwe mafuta a nkhope amagwidwira kawirikawiri. Chiphuphu chimayamba pamene kabowo komwe kamatulutsa ubweya ndi mafuta a thupi katsekeka ndi maselo akufa. Mkatimo mabakiteriya otchedwa Cutibacterium acnes, omwe aliyense ali nawo pakhungu, amachulukana ndipo malowo amatupa. Kutsekekako sikuchitika usiku umodzi. Ndiye ngati mwadzola mafuta lero n'kudzuka ndi chiphuphu chachikulu mawa, chimenecho chinali kale m'njira. Mafuta otseka timabowo amadziwika patapita masabata angapo, ndi timibulu tating'ono tamtundu wa khungu lomwelo, tomveka kukhakhala mukasisita ndi chala, ndi timitu takuda m'malo momwe kale simunkatuluka kanthu.

Pa intaneti mupeza mindandanda yopatsa mafuta manambala kuchokera pa 0 mpaka 5 malinga ndi momwe amatsekera timabowo. Ndi bwino kudziwa komwe manambalawa anachokera. Madokotala a khungu a ku America, Albert Kligman ndi Otto Mills, analemba za ziphuphu zobwera ndi zodzoladzola mu 1972, ndipo kuyesa kwambiri komwe kunatsatira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kunkachitikira mkati mwa khutu la kalulu. Khutu la kalulu limatsekeka msanga kuposa nkhope ya munthu, ndipo ankapakapo mafutawo osasungunula. Choncho nambala yaikulu pa chinthu chomwe chili kumapeto kwa mndandanda wa zosakaniza mu loshoni isakuopseni. Koma mukamadzola mafuta okhaokha osasakaniza ndi kanthu, manambalawo ali ndi phindu: mafuta a kokonati ndi cocoa butter amapatsidwa 4, ndipo pankhope yotuluka ziphuphu ine ndingati asayandikireko. Adzoleni m'miyendo ndi m'zigongono.

Njira ina yosankhira ndi kuona mtundu wa mafuta omwe achuluka m'botolomo. Alipo awiri ofunika: oleic ndi linoleic. Anthu otuluka ziphuphu amapezeka kuti mafuta a pakhungu lawo ali ndi linoleic wochepa, ndipo oleic wochuluka amamasula kachigamba koteteza kaja. Ku yunivesite ya Sheffield, mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2013, anthu akuluakulu ankadzola madontho a mafuta a olivi pamkono kawiri pa tsiku kwa masabata angapo. Olivi anafooketsa khungu n'kulifiiritsa, pomwe mafuta a mpendadzuwa sanatero. Olivi ndi wodzaza oleic. Mpendadzuwa wamba, nthanga za mphesa, rosehip ndi safflower ndi a linoleic wochuluka, opepuka, olowa msanga.

Nanga mafuta a mitengo yathu ino, omwe masiku ano akuikidwa m'timabotolo tokongola? A mfula, omwe pamalonda amalembedwa marula, ndi a chamwamba onse ali ndi oleic pafupifupi 70 peresenti. Ndi abwino pakhungu louma losatuluka ziphuphu, koma kwa inu akhoza kulemera. A malambe ali pakati, oleic ndi linoleic sasiyana kwambiri, ndipo ena amawalandira bwino. A nsatsi ndi olemera ndi omata, asiyireni tsitsi. Ngati mukufuna poyambira posaopsa kwambiri, mafuta a squalane kapena a jojoba ndi omwe savuta anthu ambiri. Musatenge mafuta ophikira m'khitchini poti palembedwa mpendadzuwa, chifukwa ena amakhala osakaniza ndi mafuta ena.

Ndinene poyera maganizo anga: khungu lotuluka ziphuphu silisowa mafuta a nkhope. Mafuta sachiza chiphuphu, ntchito yake n'kutsekera chinyezi kuti chisathawe. Amakhala ndi phindu mu Juni ndi Julayi khungu likamatuwa ndi kuzizira, kapena pamene mankhwala a ziphuphu akukuumitsani. M'chilimwe, kapena kwa munthu wokhala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja, loshoni yopepuka ndi yokwanira. Mukadzola, madontho awiri kapena atatu pankhope yonse, usiku, pamwamba pa loshoni.

Mafuta a linoleic wochuluka sachedwa kuonongeka. Akayamba kununkha ngati mtedza wokhalitsa, atha, ndipo mafuta otero amayabwitsa. Gulani kabotolo kakang'ono, kagalasi lakuda, kasungeni pozizira.

Onaninso malo. Ngati tiziphuphu tandandana pamphumi, m'mphepete mwa tsitsi ndi m'mbali pafupi ndi makutu, pomwe masaya ndi chibwano zili bwino, musaimbe mlandu seramu. Ndi mafuta a tsitsi. Ziphuphu zotere zinalembedwa ndi madokotala kale mu 1970 pakati pa amuna akuda a ku America odzola pomedi. Mafuta a tsitsi, jelo wogonekera tsitsi la m'mphepete, sipuleyi ya mawigi ndi malukidwe, zonsezi zimatsika ndi thukuta, zina zimatsalira pa pilo ndi pa duku lomwe mumagona nalo. Dzolani kutali ndi mphumi, sambani m'manja ndi kunkhope mukatha kukonza tsitsi, ndipo chapani pilokesi ndi duku sabata iliyonse.

"Zikutuluka kaye, pirirani"

Ogulitsa amakonda kunena kuti khungu likutulutsa zoipa ndipo mupitirize. Nthawi zina ndi zoona, nthawi zambiri ayi. Kuchuluka kwa ziphuphu poyamba kumachitika ndi mankhwala okhawo omwe amafulumizitsa kusinthika kwa khungu: retinol, adapalene, tretinoin, salicylic acid, glycolic acid ndi ofanana nawo. Amatulutsa msanga ziphuphu zomwe zinali zitayamba kale pansi. Zimatuluka m'malo momwe mumatuluka nthawi zonse, zimapola msanga, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 zimayamba kuchepa. Mafuta a nkhope, hyaluronic acid ndi loshoni sizichita zimenezi. Zikakutulutsani ziphuphu, zakukanani, palibe chopirira.

Tating'ono, tofanana, toyabwa

Pali zotupa zina zomwe zimanamizira ziphuphu. Zimakhala zazing'ono, zonse za msinkhu umodzi, zambiri pamphumi, pachifuwa ndi kumsana, ndipo zimayabwa makamaka mukatuluka thukuta. Timitu takuda sitioneka pakati pake. Zimenezi zimabwera ndi yisiti wa pakhungu wotchedwa Malassezia, yemweyo amene amathandizira mfundu m'mutu. Yisitiyu sapanga yekha mafuta omwe amafuna, amadya a pakhungu, ndipo mafuta a zomera pafupifupi onse, ngakhale opepuka aja, ndi chakudya chake. Amakonda kutentha ndi chinyezi, n'chifukwa chake ambiri amavutika naye m'dzinja. Maantibayotiki samupha, ndipo nthawi zina amamuchulukitsa.

Siyani mafuta onse a zomera. Squalane ali m'gulu la mafuta ochepa omwe yisitiyu sadya. Shampu ya ketoconazole, yopezeka m'mafamase, imathandiza mukaipaka pamalopo, kuisiya mphindi zisanu n'kutsuka, kangapo pa sabata. Khungu losachedwa kupsa likhoza kuuma nayo, ndiye yambani pang'onopang'ono. Vulani zovala zathukuta msanga. Ngati pakatha masabata atatu kapena anayi palibe kusintha, pitani kuchipatala akaone ngati ndi zomwezo.

Seramu yomwe inagwira msanga modabwitsa

Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse, ndipo lafala. M'misika, pa WhatsApp ndi pa Facebook mukugulitsidwa maseramu ndi mafuta osakaniza pamanja, m'mabotolo opanda mndandanda wa zomwe zilimo, olonjeza kuchotsa ziphuphu ndi kuwalitsa nkhope m'masiku ochepa. Palibe vitamini kapena mafuta a mtengo omwe angachite zimenezo m'sabata imodzi. Chomwe chimatha kutero ndi steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, mankhwala a matenda ena a khungu omwe sayenera kudzoledwa kunkhope kwa nthawi yaitali.

Poyamba amazimitsa kutupa konse ndipo nkhope imasalala. Pakapita masabata kapena miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, patuluka ziphuphu zofanana zambirimbiri, ena amamera ubweya m'masaya, ena mizere yong'ambika. Mukasiya, nkhope imawotcha, kutupa ndi kusuwa, mukadzolanso imazizira tsiku lomwelo. Mukaona kuti nkhope yanu siitha kukhala masiku atatu osadzola kabotolo kena kake, ganizirani za steroid. Musalimbane nazo nokha. Pitani kuchipatala, chifukwa nthawi zambiri pamafunika kuchepetsa pang'onopang'ono kapena kusinthira mankhwala ena, ndipo khungu limatenga masabata ambiri, mwina miyezi, kuti libwerere.

Zosakaniza zoterezi zimathanso kukhala ndi mankhwala oyeretsa khungu a hydroquinone kapena mercury. Hydroquinone wodzoledwa kwa zaka amabweretsa mawanga akuda bii m'masaya omwe savomera mankhwala. Matendawa anafotokozedwa ndi madokotala a ku South Africa mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mercury amaononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa.

Kubwezera chimodzichimodzi

Khungu likazizira, sankhani chinthu chimodzi chomwe mukuchifunitsitsa. Chiyeseni kaye pakamalo kakang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono, kawiri pa tsiku kwa masiku 7 mpaka 10. Kuyesaku kumagwira kupsa ndi kudana, koma sikuonetsa kutseka timabowo. Pa mafuta, yesaninso pachigawo chimodzi cha tsaya kwa masabata atatu kapena anayi musanadzole nkhope yonse. Musawonjezere chachiwiri mpaka choyambacho chitakwanitsa mwezi chili bwino. N'kochedwa, inde, koma n'kotchipa kuposa kutaya mabotolo atatu osadziwa wolakwa. Jambulani nkhope ndi foni sabata iliyonse pamalo amodzi owala, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku limanamiza.

Podzola, yambani ndi zamadzimadzi, kenaka loshoni, mafuta pomaliza. Masana chomaliza ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza). Ambiri akuda amaona ngati zimenezi n'za azungu, koma pa khungu lathu chiphuphu chilichonse ndi kupsa kulikonse kumasiya wanga lakuda, ndipo dzuwa limalidetsa kwambiri. Seramu yochotsa mawanga popanda kudziteteza ku dzuwa ndi ndalama zotayika. Kufinya ziphuphu nako kumatalikitsa mawangawo.

Ngati cholinga chanu n'kuthetsa ziphuphuzo, ndalama yanu ipite ku mankhwala enieni m'malo mwa seramu yachinayi. Benzoyl peroxide wa 2.5 peresenti amagwira ntchito pafupifupi mofanana ndi wa 10 peresenti koma sawotcha kwambiri, ngakhale amasuwitsa mtundu wa matawulo ndi mapilokesi. Adapalene wa 0.1 peresenti amadzoledwa usiku, mlingo wa kambewu ka nandolo pankhope yonse, kuyamba kawiri kapena katatu pa sabata. Azelaic acid amagwira ziphuphu ndi mawanga omwe, ndipo khungu lofooka limamulandirako. Onsewa amafuna masabata 8 mpaka 12 kuti muone kusintha. Amayi oyembekezera kapena ofuna kutenga pakati asadzole retinol, adapalene kapena tretinoin. Azelaic acid ali m'gulu la mankhwala omwe madokotala amalola nthawi imeneyo.

Pamene botolo silili lolakwa

Mwasiya zonse, mwadikira, koma ziphuphu zikubwerabe? Mwina gwero lili mkati. Ziphuphu zakuya zopweteka m'nsagwada ndi pachibwano zomwe zimabwera msambo ukayandikira ndi za mahomoni. Zikaphatikizana ndi msambo wodumphadumpha ndi ndevu zomera mwa mayi, pafunika kuyezedwa. Jakisoni wolera ndi kolera koika pamkono zimachulukitsa ziphuphu kwa amayi ena, chimodzimodzinso prednisolone ndi isoniazid wa TB. Musasiye mankhwala amenewa panokha, kambiranani ndi omwe anakupatsani. Kwa abambo, zotupa za m'ndevu ndi pakhosi kawirikawiri zimabwera ndi ndevu zopota zomwe zalowanso m'khungu mutameta ndi lezala. Kumeta ndi makina osagwetsa mpala kumathandiza kuposa mafuta alionse.

Milomo kapena maso zikatupa mwadzidzidzi mutadzola kanthu, kapena kupuma kukayamba kuvuta, tsukani n'kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Ziphuphu zazikulu zamafinya, zosiya maenje kapena zipsera zotukuka, ndi zomwe zakana mankhwala a kufamase kwa miyezi itatu, zimafuna dokotala wa khungu. Zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona odwala khungu, ndipo chipatala cha boma cha kwanuko chikhoza kukutumizaniko. Popita, nyamulani m'jumbo mabotolo onse omwe mwadzola miyezi yapitayi, kuphatikizapo mafuta a tsitsi ndi kabotolo kopanda dzina kaja, ndipo muwauze tsiku lomwe munayamba chilichonse.